Mphamvu za Nyumba ya Malamulo: kuzilemba pamndandanda, kuzipereka zonse kapena kuzigawa?

Ambiri timaganiza kuti aphungu akakhala pansi n'kugwirizana, angathe kupanga lamulo pa nkhani iliyonse. M'mayiko ena zilidi choncho. Koma m'mayiko enanso, phungu asanabweretse bilu ayenera kuloza ndime ya m'malamulo aakulu a dziko imene ikupatsa nyumbayo mphamvu pa nkhaniyo. Akalephera kuiloza, biluyo ikhoza kudutsa ndi mavoti ochuluka, mtsogoleri wa dziko n'kusaina, kenako khoti n'kuitaya kunja.

Nkhaniyi si ya maloya okha ayi. Imafika pa lendi ya nyumba, malipiro a antchito a m'minda, mfuti, inshulansi ya kuchipatala, ngakhale pa funso lakuti ndani amatumiza asilikali kunkhondo. Mayiko anaikonza mosiyanasiyana, ndipo poti njira zina zagwira ntchito zaka zoposa 200, tikhoza kuziika pasikelo poona zipatso zimene zinabala, osati zimene olemba ake ankalota.

Mndandanda umodzi, zotsala n'za zigawo

Chitsanzo chotchuka ndi cha America. Malamulo ake aakulu analembedwa ku Philadelphia mu 1787 ndi anthu amene ankaopa zinthu ziwiri. Anali atangochoka m'manja mwa mfumu ya Britain, choncho sankafuna boma lalikulu lolamula chilichonse. Koma analinso atalawa kuwawa kwa boma lofooka. Pa pangano loyamba la zigawo 13 zimene zinapanga dzikolo, Congress, nyumba ya malamulo ya dziko lonse, inalibe mphamvu yodula msonkho. Inkangopempha zigawo kuti zisonkhe, zigawozo n'kumatumiza zimene zakonda, ngongole za nkhondo zili mbwee. Ndiye anagwirizana kuti Congress ipatsidwe mphamvu zenizeni koma zowerengeka.

Zambiri mwa mphamvuzi zili m'gawo 1, ndime 8, ndipo ndimeyi ili ndi mfundo 18. Congress ikhoza kudula misonkho, kutenga ngongole, kuyendetsa malonda ndi mayiko akunja komanso pakati pa zigawo, kupanga ndalama ndi kulanga opanga ndalama zachinyengo, kukhazikitsa mapositi ofesi ndi misewu yodutsa makalata, kuteteza olemba mabuku ndi otulukira zinthu zatsopano, kukhazikitsa makhoti aang'ono, kulanga achifwamba apanyanja, kulengeza nkhondo, ndi kusamalira asilikali apamtunda ndi apamadzi. Pa asilikali apamtunda anaikapo chingwe: ndalama zawo siziperekedwa kupitirira zaka ziwiri pakamodzi. Mfundo yomaliza imalola Congress kupanga malamulo ofunikira ndi oyenera kuti mphamvu zonsezi zigwire ntchito. Mu 1791 anawonjezera ndime yakuti mphamvu zimene sizinaperekedwe ku boma lalikulu zimatsala ndi zigawo kapena ndi anthu.

Papepala, mpanda wake ndi wolimba. Koma taonani zimene zinachitika. Mu 1819, chigawo cha Maryland chinkafuna kudula msonkho banki imene Congress inakhazikitsa, ndipo mfundo yake inali yakuti pamndandanda paja palibe mawu onena za banki. Jaji wamkulu John Marshall anagamula kuti ngati cholinga chili chololedwa, monga kutolera misonkho ndi kutenga ngongole, njira yoyenera yofikira cholingacho ndi yololedwanso ngakhale isanatchulidwe. Kuyambira pamenepo mndandanda uja unayamba kutanuka.

Pamene unatanuka kwambiri ndi pa mawu akuti malonda a pakati pa zigawo. Panali mlimi wina wa ku Ohio, Roscoe Filburn. Boma linkafuna kukweza mtengo wa tirigu pochepetsa zokolola, ndipo linamuuza kuti alime maekala 11.1 okha. Iye analima 23. Atamulipiritsa chindapusa cha masenti 49 pa muyeso uliwonse woposerapo, anadandaula kuti tirigu wowonjezerayo sanali wamalonda: anali wodyetsa nkhuku ndi ng'ombe zake, wina wodya pakhomo, wina wambewu. Tirigu amene sanatuluke pachipata cha famu angakhale bwanji malonda a pakati pa zigawo? Mu 1942 khoti lalikulu linayankha kuti munthu wodzilimira yekha sapita kukagula, ndipo alimi masauzande akachita chimodzimodzi mtengo umagwa m'dziko lonse. Filburn analuza. Chigamulochi chinatsegula khomo lalikulu, chifukwa n'chiyani chimene munthu angachite chosakhudza msika n'komwe?

Khomo lomwelo linathandiza pa zinthu zabwino. Lamulo la 1964 loletsa tsankho m'mahotela ndi m'malo odyera linatetezedwa kukhoti ngati lamulo la zamalonda: hotela ya ku Atlanta yokana anthu akuda inkasokoneza maulendo a pakati pa zigawo. Chigamulo chinali cholondola, koma n'zomvetsa chisoni kuti nkhani ya ulemu wa munthu inachita kulowera pakhomo la malonda. Apa ndi pamene pali vuto lalikulu la mndandanda wakale: umakakamiza aphungu ndi majaji kuveka lamulo chovala chosakhala chake.

Si kuti mpanda unagweratu. Mu 1995 khoti linataya lamulo loletsa kunyamula mfuti pafupi ndi sukulu, pamlandu wa mnyamata wa ku San Antonio, ponena kuti kunyamula mfuti si malonda. Majaji asanu anatero, anayi anatsutsa, ndipo kanali koyamba patatha zaka pafupifupi 60 kuti Congress iuzidwe kuti yalumpha malire a ndimeyi. Mu 2012 khoti linanenanso kuti Congress singakakamize munthu kugula inshulansi ya kuchipatala potengera mphamvu ya zamalonda, koma lamulolo linapulumuka chifukwa chindapusa chake chinatengedwa ngati msonkho. Kotero malire alipo, koma amene amawajambula ndi majaji asanu ndi anayi, ndipo malirewo amasuntha majajiwo akasintha.

Pali china choti tinene modutsa. Mphamvu yolembedwa siidzigwirira yokha ntchito. Yolengeza nkhondo ndi ya Congress, palibe angatsutse, komabe Congress inamaliza kulengeza nkhondo mu 1942. Ku Korea ndi ku Vietnam asilikali anamenya nkhondo zikuluzikulu popanda chilengezo choterocho. Mu 1973 aphungu anapanga lamulo loti abwezere mphamvuyi m'manja mwawo, koma mapulezidenti a zipani zonse ziwiri akhala akupeza pozembera.

Australia inatengera njira yomweyi mu 1901, ndi mndandanda wautaliko wa mfundo 39 m'ndime 51. Mapeto ake anafanana. Mu 1983 boma lalikulu linaletsa chigawo cha Tasmania kumanga damu pamtsinje wa Gordon, ndipo mphamvu imene linagwiritsa ntchito ndi ya ubale ndi mayiko akunja, poti Australia inali itasaina pangano la dziko lonse loteteza malo achilengedwe. Mtsinje uli mkati mwenimweni mwa chigawo, koma khoti linavomera.

Kupereka zonse

Britain ilibe mndandanda. Nyumba ya Malamulo ya ku Westminster ikhoza kupanga kapena kufafaniza lamulo lililonse, ndipo palibe khoti limene lingataye lamulo lake. Ubwino wake ndi woonekeratu: palibe kutaya zaka kukhoti kukangana ngati tirigu ndi malonda, ndipo zinthu zikalakwika anthu amadziwa woti amuloze chala pa chisankho. Chinthu chatsopano chikabwera, kaya ndege kaya intaneti, palibe amafunsa kuti chili pa nambala yanji.

Kuopsa kwake kumaoneka pa nkhani ya kampani ya Burmah Oil. Mu 1942 asilikali a Britain anaphwanya zipangizo zake za mafuta ku Burma kuti zisagwe m'manja mwa asilikali a Japan. Mu 1964 khoti lalikulu kwambiri la nthawi imeneyo linagamula kuti kampaniyo iyenera kulandira chipukuta misozi. Chaka chotsatira aphungu anapanga lamulo lobwerera m'mbuyo lofafaniza ufulu umenewo, nkhani n'kuthera pomwepo. Ngakhale lamulo la 1998 la ufulu wa anthu limangolola majaji kulengeza kuti lamulo lakutilakuti likuwombana ndi ufulu. Kulikonza kapena kulisiya zili kwa aphungu. Njira imeneyi imadalira kwambiri manyazi a andale ndi mwambo wa zaka mazana, zinthu zimene sizilembedwa ndipo sizitumizidwa kunja. New Zealand imayenda nayo bwino. Koma dziko limene chipani chimodzi chingatenge mipando yambiri n'kuiwala manyazi, kuitengera njirayi osaikapo chotchinga n'kudziika pangozi.

N'chifukwa chake mayiko ambiri opanda ulamuliro wa feduro, wokhala ndi zigawo zodzilamulira, anasankha pakatikati. Malamulo awo amati mphamvu zonse zopanga malamulo zili ndi Nyumba ya Malamulo, osawerengera nkhani imodziimodzi, koma amaika ufulu wa anthu pamwamba ndipo khoti limataya lamulo lililonse lowombana nawo. Malamulo a Malawi a 1994 ali m'gulu limeneli. Apa funso kukhoti silikhala lakuti kodi aphungu analoledwa kukhudza nkhaniyi, koma lakuti kodi poikhudza aphwanya chiletso chanji. Kwa ine, kwa dziko lopanda zigawo zodzilamulira, iyi ndi njira yanzeru kuposa zonse, chifukwa zoletsedwa sizikalamba msanga ngati zololedwa. Kuzunza munthu kunali koipa kale ndipo kudzakhala koipa mawa, pamene mndandanda wa zololedwa umatha ntchito tsiku limene munthu watulukira chinthu chatsopano.

Britain yomweyo ili ndi umboni wa mfundoyi. Popatsa Scotland nyumba yake ya malamulo mu 1998, analemba nkhani zimene Westminster yasunga, monga chitetezo ndi ubale ndi mayiko akunja, zotsala zonse n'kukhala za Scotland. Kwa Wales anachita zotembenuza: analemba nkhani zimene nyumba ya ku Cardiff ikuloledwa. Zotsatira zake zinali milandu. Wina unafika kukhoti lalikulu mu 2014, pokangana ngati malipiro a antchito a m'minda ndi nkhani ya ulimi, imene inali pamndandanda, kapena ya ntchito, imene panalibe. Wales inapambana, koma mu 2017 lamulo linasinthidwa kuti Wales itsate njira ya Scotland. M'dziko limodzi, njira ziwiri zinayesedwa pambalipambali, ndipo yolemba zololedwa ndi imene inasiyidwa.

Mindandanda iwiri

Canada inalemba malamulo ake mu 1867, patangotha zaka ziwiri nkhondo yapachiweniweni ya ku America itatha. John A. Macdonald, amene anakhala nduna yaikulu yoyamba, ankakhulupirira kuti America inavulala chifukwa chopatsa zigawo mphamvu zochuluka. Ndiye anachita zosiyana: ndime 91 inalemba za boma lalikulu, ndime 92 za zigawo, ndipo zotsala zinapita ku boma lalikulu kudzera m'mawu akuti likhoza kupanga malamulo a mtendere, bata ndi ulamuliro wabwino. Ngakhale malamulo a milandu yaupandu, amene ku America ambiri ndi a zigawo, ku Canada anawaika pakati.

Chodabwitsa n'chakuti zinatembenuka. Mpaka 1949 apilo yomaliza ya milandu ya ku Canada inkapita ku London, ndipo majaji a kumeneko anakulitsa mfundo imodzi ya zigawo, yonena za katundu ndi maufulu a pakati pa anthu, mpaka inameza nkhani za ntchito, inshulansi ndi malonda ambiri a m'kati. Mu 1937 anataya malamulo angapo amene boma lalikulu linapanga pofuna kuthandiza anthu pa nthawi ya umphawi waukulu wa zaka zimenezo, kuphatikizapo la inshulansi ya ochotsedwa ntchito, moti anachita kusintha malamulo aakulu mu 1940 kuti zitheke. Lero zigawo za Canada zili ndi mphamvu kuposa zimene Macdonald akanalola, pamene America, imene inkafuna boma lalikulu lochepa, ili ndi Congress yofika paliponse. Mayiko awiri oyandikana, aliyense anakolola zimene mnzake anabzala.

Mindandanda itatu, ndi nkhani zogawana

India inaona zonsezi ndipo inaganiza zolemba chilichonse. Malamulo ake atayamba kugwira ntchito mu 1950 anali ndi nkhani 97 za Nyumba ya Malamulo ya dziko lonse, 66 za zigawo, ndi 47 zogawana. Pa zogawanazi mbali zonse ziwiri zikhoza kupanga lamulo, koma malamulowo akawombana la boma lalikulu ndi limene limapambana, kupatula pa zifukwa zochepa zolembedwa. Zotsala, ngati zilipo, ndi za boma lalikulu. Palinso khomo lapadera: nyumba yoimira zigawo ikavomereza ndi mavoti awiri mwa atatu aliwonse kuti nkhani ina ya zigawo yakhudza dziko lonse, aphungu a pakati akhoza kuipangira lamulo kwa kanthawi.

Kulemba zambiri kumachepetsa mikangano ina, koma kumabala inanso, chifukwa moyo sugawika m'timabokosi. Ulimi uli pamndandanda wa zigawo, koma malonda a zakudya ali pa wogawana. Ndiye lamulo lonena za kumene mlimi angagulitse mbewu zake lili pati? Funsoli linali limodzi mwa zimene zinakolezera moto pa malamulo atatu a ulimi a 2020, amene alimi anawakana pomanga misasa m'malire a Delhi kwa chaka chathunthu mpaka boma linawachotsa mu 2021. Chimene chimapulumutsa India n'chakuti mindandanda yake imasinthika. Mu 1976 maphunziro ndi nkhalango zinachotsedwa kwa zigawo n'kuikidwa pa zogawana, ndipo mu 2016 anasintha malamulo aakulu kuti pakhale msonkho umodzi wa katundu ndi ntchito m'dziko lonse.

Germany ilinso ndi nkhani za boma lalikulu lokha ndi zogawana, koma zotsala ndi za zigawo, ndipo pa zogawana chigawo chimapanga lamulo pokhapokha boma lalikulu lisanamalize nkhaniyo. Mzinda wa Berlin, umenenso ndi chigawo pawokha, unaphunzira zimenezi mowawa. Unaika malire pa lendi ya nyumba, anthu ambiri n'kuyamba kulipira zochepa, koma mu April 2021 khoti la malamulo aakulu linataya lamulolo. Silinanene kuti kuchepetsa lendi n'koipa. Linangoti aphungu a dziko lonse anali atapanga kale malamulo pa nkhaniyo. Alendi ambiri anauzidwa kuti abweze ndalama zimene anapungula. South Africa mu 1996 inatenga zofananako, koma mndandanda wa zigawo zokha ndi waufupi ndipo zotsala zonse ndi za Nyumba ya Malamulo ya ku Cape Town.

Mndandanda womanga aphungu kuti nduna zipume

Pali njira ina imene anthu amaiiwala, chifukwa cholinga chake si kuteteza zigawo. Ku France pakati pa 1946 ndi 1958 maboma ankagwa ngati masamba, oposa 20 m'zaka 12, ndipo Charles de Gaulle, amene anadzakhala pulezidenti wa dzikolo, ankaloza chala aphungu. Malamulo a 1958 analemba m'ndime 34 nkhani zimene aphungu angapangire malamulo, monga ufulu wa nzika, milandu ndi zilango, misonkho ndi zisankho, ndipo ndime 37 inati zotsala zonse boma lizilamula lokha. Apa mndandanda ukuchepetsa mphamvu za oimira anthu n'kuzipereka kwa nduna.

Ngakhale kuno mpanda unafewa. Mu 1982 bungwe loona za malamulo aakulu linagamula kuti lamulo silikhala lolakwika chifukwa chongolowa m'munda wa boma. Ngati nduna sizinadandaule, lilekeni. Zida zenizeni zimene boma la France limagonjetsera aphungu zili m'ndime zina, monga ija ya 49 imene inagwiritsidwa ntchito mu March 2023 kudutsitsa lamulo lokweza zaka zopumira pantchito popanda voti yomaliza. Njira imeneyi sindingailimbikitse kwa dziko limene pulezidenti ali kale ndi mphamvu zochuluka.

Nanga posankha?

Dziko la zigawo zodzilamulira silingathawe mndandanda, chifukwa popanda kugawa palibe feduro. Koma utali wa mndandandawo suthandiza kwenikweni. Chofunika kuyang'ana choyamba ndi ndime ya zotsala, popeza nkhani zikuluzikulu za mawa ndi zimene lero palibe akuzidziwa. Olemba a 1787 sakanatha kutchula asilikali apandege, ndipo a 1867 sakanatchula wailesi, imene majaji a ku London anaipereka ku boma lalikulu la Canada mu 1932. Ngati zigawo zinalipo kale ndipo zikungobwera pamodzi, n'zomveka kuti zisunge zotsala. Ngati dziko ndi limodzi ndipo likungotsitsa mphamvu, kulemba zosungidwa pakati monga anachitira ku Scotland kumachepetsa milandu.

Kenako funsani kuti mndandandawo ukakalamba udzakonzedwa bwanji. Ukakhala wovuta kusintha, ntchito yosintha imagwera majaji, amene palibe anawavotera. Ku America khoti litakana msonkho wa pa zopeza za munthu mu 1895, panatenga mpaka 1913 kuti malamulo aakulu asinthidwe, ndipo kuyambira pachiyambi asinthidwa ka 27 kokha. Ku Australia kusintha kulikonse kumafuna riferendamu, ndipo pa mafunso 45 amene anthu afunsidwa, 8 okha ndi amene anadutsa. India yasintha malamulo ake koposa ka 100. Ena amati kumeneko n'kuwapeputsa, koma ine ndikuona kuti n'kwabwino kuti malire asunthidwe poyera ndi mavoti kusiyana n'kuti asunthidwe pomasulira mawu mpaka tirigu wa m'nkhokwe asanduke malonda.

Ndipo pali mfundo imodzi pamndandanda uliwonse imene imalemera kuposa zinzake zonse: ya msonkho. Congress ilibe mphamvu yolamula zaka zimene munthu angayambire kugula mowa, imeneyo ndi ya zigawo. Koma mu 1984 inapanga lamulo lakuti chigawo chosakweza zakazo kufika 21 chidzadulidwa gawo la ndalama za misewu. Chigawo cha South Dakota chinapita kukhoti, chinaluza mu 1987, ndipo lero zigawo zonse 50 zili pa 21. Ku Australia boma lalikulu linalanda msonkho wa pa zopeza za anthu mu 1942 ponena kuti ndi za nthawi ya nkhondo yokha. Nkhondo inatha mu 1945, koma zigawo sizinayambirenso kuutolera, ndipo masukulu ndi zipatala, zimene papepala ndi zawo, zimayendera kwambiri ndalama zochokera ku Canberra, likulu la dzikolo, pamodzi ndi mfundo zimene Canberra yamangirirapo.